Thovu Pansi pa Mpango

1. Tsitsi m'mpanda wa bafa

"Kodi ndani akumabisa tsitsi m'mpanda wa bafa?"

Anafunsa ndi Che Zakiya, azakhali ake a Anisa, ataima pakhomo ndi kampira ka tsitsi m'dzanja. Ana awo awiri aang'ono anapitiriza kunyambita makapu a tiyi. Anisa anawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato chimene anali atamanga kale.

Che Zakiya sanafunsenso. Anali atalawirira kukazinga mandasi, ndipo beseni linkawadikira kuti apite nalo kumsika wa Insaca. Masiku amenewo mphamvu zawo zinkangokwanira funso limodzi patsiku. Tsitsilo analikulunga m'pepala n'kukaliponya m'chimbudzi kuti woipa mtima asalitole. Atatero anasenza beseni n'kumapita.

Anisa kwawo kunali ku Amaramba, kumene bambo ake, Che Umaru, ankapha nsomba n'kumaziwamba. Ku Insaca anabwera chifukwa cha sukulu ya sekundariya, ndipo bambo akewo anamulola movutikira. Ananeneratu kuti adzamuchotsa tsiku limene adzaone kuti tauni yayamba kumuwononga. Sanatchule kuwononga kwake, choncho chilichonse chikanatha kukwanira.

Tsitsi la m'mpanda lija linali la Anisa. Linayamba kutsalira m'chipeso pang'onopang'ono, kenaka linkatsala ngakhale pa pilo. Pamwamba pa makutu ndi m'mbali mwa chipumi munali mutayera ngati munda umene mwadutsa mbuzi.

Mwayi wake unali mpango. Mtsikana wachisilamu akafunda mpango kuyambira m'mawa mpaka pogona, anthu amamuyamikira kuti ndi waulemu. Chaka chimenecho Anisa anayamikiridwa kwambiri.

2. Phukusi la mlamba

Zonsezi zinayamba ndi mphatso.

Sukulu itangotsegulidwa, Che Umaru anabwera kudzagulitsa nsomba ku Insaca. Atapalasa njinga mtunda wonsewo, anaona kuti si bwino kubwerera osaona mwana. Anafika pageti nthawi yopuma, dengu lili kumbuyo kwa njinga, ntchentche zili kumbuyo kwa dengu. Anaitana dzina la Anisa mokweza, monga amaitanirana asodzi pamadzi, n'kumupatsa phukusi la mlamba wowamba lokulunga m'pepala la simenti.

Anisa analandira ndi manja awiri atapinda bondo. Anzake onse a m'kalasi anaona.

Pakati pawo panali Yunike, mtsikana wa ku Entre Lagos, amene makolo ake anali ndi baraka, kagolosale kakang'ono, pafupi ndi siteshoni ya sitima. Yunike sankanyoza mokuwa. Ankangokoka mpweya m'mphuno Anisa akamadutsa, n'kuuza oyandikana nawo kuti atsekule mazenera chifukwa Amaramba walowa. Pasanapite nthawi, ena anaiwala dzina la Anisa. Ankangoti Mlamba.

Pamsika panali mayi wina wogulitsa shampu wobiriwira. Ankamutunga m'chigubu chachikulu n'kumathira m'timabotolo takale ta madzi akumwa. Panalibe chilembo chilichonse chonena zimene zinali m'katimo. Atsikana ankamukonda chifukwa anali wokhuthala ngati uchi, wathovu lambiri, ndipo ankanunkhira ngati maswiti.

Tsiku loyamba Anisa anasamba naye m'mutu n'kutsukuluza bwinobwino. Pofika kusukulu fungo linali litatha, ndipo Yunike anakoka mphuno monga mwa masiku onse.

Apa Anisa anapeza nzeru yakeyake. M'mawa uliwonse ankathira shampu pachikhatho, kupaka m'mutu monse ngati mafuta odzola, kuwaza timadzi, n'kumanga mpango molimba kuti fungo lisathawe. Kutsukuluza anasiya. Pamjigo pankakhala mzere wautali, choncho ankaona ngati akupulumutsanso madzi a azakhali. Ngakhale popanga udhu, kusamba kwa Asilamu asanapemphere, ankangokhudza tsitsi ndi nsonga za zala kuopa kudzutsa thovu.

Nzeruyo inagwira ntchito. Yunike anasiya kukoka mphuno, mpaka tsiku lina anamubwereka rabala n'kumutchula dzina lake lenileni.

Koma m'mutu munayamba kuyabwa. Mfundu inkayoyokera paphewa akamavula mpango pogona. M'kalasi ankalowetsa cholembera pansi pa mpango n'kumakanda, nkhope ataiika ngati ya munthu amene akuganizira masamu.

3. Za mnzake wina

Mlungu womwewo umene azakhali anapeza tsitsi m'mpanda, purufesora Natália, mphunzitsi wa kimika, sayansi ya mankhwala, anaphunzitsa za kapangidwe ka sopo. Belu litalira, Anisa anatsalira kufufuta bolodi. Analifufuta mpaka linayera, n'kulifufutanso. Kenaka anati ali ndi mnzake wina amene amapaka shampu osatsukuluza, ndipo tsitsi layamba kumuthothoka.

Purufesora sanayang'ane mpango wa Anisa ngakhale pang'ono. Anaulambalala mosamala kwambiri, moti Anisa anadziwa kuti adziwa.

"Mnzakoyo ukamuuze izi," anatero akulongedza mabuku. "Shampu si mafuta odzola. Ndi sopo. Chimene chimatulutsa thovu lija timachitcha sulufato, ndipo ntchito yake ndi kukoka mafuta ndi litsiro kuti madzi azichotse. Ndi m'bale wake wa sopo wotsukira mbale, kungoti wa m'mutu amamufewetsako. Tsono sulufato sasankha. Akatha litsiro amayamba kuchotsa mafuta amene khungu limatulutsa lokha kuti tsitsi lisaume. Akakhala pamutu kanthawi kochepa n'kutsukuluzidwa, vuto silikula. Akaswera pamutu tsiku lonse, khungu limapsa, limayabwa, tsitsi limauma ngati udzu wa m'chilimwe n'kumaduka.

"Wa m'zigubu uja ndiye ndimamuopa kwambiri, chifukwa sudziwa chimene wagula. Ogulitsa ena amathiramo madzi kuti achuluke, kenaka mchere kuti akhuthalenso, popeza ife timakhulupirira kuti wokhuthala ndiye wabwino. Mcherewo umaumitsa. Fungo lija nalonso ndi mankhwala, ndipo khungu la anthu ena siligwirizana nalo. Pamwamba pa zonsezi uikepo mpango womanga molimba pa tsitsi lonyowa, ukukhula malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Usadabwe m'mbali mukayera.

"Chabwino chake n'chakuti nthawi zambiri mizu imakhala isanafe. Asiye lero lomwe. Azisamba m'mutu kamodzi pamlungu, atsukuluze mpaka madzi ayere, aumitse, apake mafuta a kokonati, mpango aziumasulako. Zikapanda kusintha apite kuchipatala, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi chipere nazonso zimathothola tsitsi. Koma akapitiriza kukanda mpaka kuchita zilonda, pamene pagwera chipsera sipameranso kanthu. Wamva?"

Anisa anati wamva, ndipo mnzakeyo akamuuza.

Anasiyadi. Anatsuka m'mutu, botolo n'kulibisa pansi pa zovala m'chikwama. Kuyabwa kunayamba kuchepa. Kenaka kunabwera tsiku lotentha kwambiri, kalasi yonse ikununkha thukuta la aliyense. Yunike anatembenuka, n'kukoka mpweya m'mphuno, n'kulengeza kuti nyanja yabwerera.

M'mawa mwake Anisa anatulutsa botolo lija. Chipsera chinali nkhani ya m'tsogolo. Yunike ankakhala desiki la kutsogolo kwake.

4. Tsiku lolukana

Mwezi usanathe, Mastura, mkulu wake wa Anisa, anali kukwatiwa ku Amaramba. Anisa ndi Che Zakiya anakwera shapa, minibasi ya kumeneko, Lachisanu m'mawa, atapanikizana ndi matumba a ufa ndi nkhuku za anthu ena. Anafika masana ali mbuu ndi fumbi, miyendo itachita dzanzi.

Pabanja pawo panali mwambo. Tsiku loti mawa ukwati, akazi onse achibale ankasonkhana kuseri kwa nyumba, m'kati mwa mpanda, n'kuvula mipango kuti alukane tsitsi. Ankayamba ndi mkwatibwi, kenaka mng'ono wake. Anisa mwambowu ankaudziwa kuyambira ali mwana. Ankangoyembekeza kuti chaka chino anthu auiwala.

Sanauiwale. Anisa anadzipereka kukatunga madzi, ndipo atabwerako anadzipereka kutsuka mbale zimene zinali zotsukidwa kale. Potsiriza anati mutu ukumupweteka. Mayi ake anati mutu wopweteka umafuna mphepo, ndiye abwere avule mpangowo.

Woluka anali Che Zakiya. Anamukhazika Anisa pamkeka pakati pa miyendo yawo, n'kumasula mfundo ya mpango. Mastura, mutu uli wonyezimira ndi mizere yatsopano, anagwira pakamwa. Mayi ake anaika pansi lichero limene anali nalo.

Che Zakiya anachita zimene woluka aliyense amachita ndi tsitsi louma. Anatenga kapu ya madzi, n'kuthira pamutupo, n'kuyamba kufikisa kuti lifewe. Pakati pa zala zawo panatuluka thovu. Linali loyera, lambiri, likutsikira m'makutu ndi m'khosi, chonsecho panalibe amene anagwira sopo.

Azimayi amene anali pafupi anasendera m'mbuyo ndi mikeka yawo.

"Ine ndinanena," anatero mayi ake a Anisa, mawu ali pansipansi. "Ndinati mwana wa msodzi akamakhoza m'kalasi kuposa ana a eni tauni, anthu sagona tulo. Tsitsi la munthu salitaya poyera, nonsenu mukudziwa. Wina walitola, wapita nalo kumene wapita nalo. Onani mutu wa mwana ukuchita thovu wokha. Lero atenga tsitsi, mawa atenga nzeru, mkuja tidzamupeza akuyenda mumsika akulankhula yekha. Ine ndinabereka mwana, alamu, sindinabereke pepala la sukulu. Ndinakupatsani mwana wa tsitsi lofika m'khosi, ndipo inu mumagona naye nyumba imodzi osaona kanthu? Mandasi akutherani maso? Kaitaneni bambo ake."

Che Zakiya anabweretsa zala zawo pamphuno n'kununkhiza. Kenaka anawerama ngati akupukuta thovu m'khutu la Anisa.

"Ine ndanunkhiza," ananong'ona. "Koma pakamwa ndi pako."

5. Zala zamwaye

Che Umaru anali kowambira nsomba za alendo a ukwati. Anabwera maso ali ofiira ndi utsi, manja ali bii. Azimayi achilendo anafunda mipango yawo. Che Umaru anaima n'kuyang'ana mutu wa mwana wawo nthawi yaitali, kwinaku akumvetsera akazi awo akubwereza zonse zija.

Sanakalipe. Analankhula ngati munthu amene wakoka khoka usiku wonse n'kupezamo udzu. Anati chimene ankaopa chachitika. Ukwati ukatha apita naye kwa sing'anga kutsidya kwa nyanja. Ku Insaca sabwererakonso, ndipo mabuku ndi zovala zake Che Zakiya adzatumiza pa shapa. Anawonjeza kuti mlongo wawo sakumuimba mlandu, koma ponena zimenezi sanamuyang'ane.

Atatha anatembenuka kuti azibwerera ku moto wawo.

Anisa anaimirira, thovu likuumira m'khosi. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabotolo kobiriwira kaja. Anagwada n'kukapereka kwa bambo ake.

"Palibe wandilodza, ababa. Ndi uyu. Ndimapaka m'mawa uliwonse osatsukuluza. Purufesora anandiuza kuti ndi amene akudula tsitsi, ndinasiya koma ndinayambiranso."

Che Umaru anatembenuza botololo uku ndi uku. Anafunsa ngati ndi mafuta. Anisa anati ndi sopo. Anafunsa ngati ku Insaca madzi anatha. Anisa anati alipo.

"Nanga munthu wanzeru zake amapaka sopo n'kumayenda naye tsiku lonse chifukwa chiyani?"

Anisa anayang'ana azakhali ake. Iwo anali kuchotsa tsitsi m'mano a chipeso. Anisa akanatha kunena kuti ankatsanzira anzake, ndipo nkhani ikanathera pa kupusa kwa ana. Koma bambo ake ankadziwa bodza msanga kuposa mmene ankadziwira mvula, ndipo bodza likanatseka geti la sukulu chimodzimodzi.

"Amati ndimanunkha nsomba."

"Ndani?"

"A m'kalasi. Kuyambira tsiku lija munabwera ndi phukusi pageti."

Che Umaru anatsekula botolo, n'kununkhiza, n'kutsekanso. Zala zawo zinali zitasiya mwaye pabotolopo. Anauona, n'kuupukuta bwinobwino ndi m'munsi mwa malaya, kenaka anapereka botololo kwa mlongo wawo. Anabwerera kowambira nsomba.

Mayi ake a Anisa anatola lichero lawo n'kuyamba kupeta mpunga umene anali atapeta kale.

6. Madzi mpaka ayere

Che Zakiya anamutengera Anisa kubafa ndi ndowa zonse zimene iye mwini anatunga pothawa kulukidwa. Anamuweramitsa n'kuyamba kuthira. Thovu linkangotuluka, ngati mutuwo unasunga la chaka chonse.

"Ine ndakhala nawe nyumba imodzi miyezi yonseyi," anatero akufikisa. "Sindinamvepo nsomba pa iwe ngakhale tsiku limodzi. Ndinkangomva maswiti, mpaka ndinayamba kuganiza kuti wapeza mwamuna. Ndikanafunsa kawiri tsiku lija la tsitsi m'mpanda, koma ndinali nditatopa, ndipo ndikadali wotopa. Weramanso.

"Mnzakoyo sananunkhize ndi mphuno, mwanawe. Anaona dengu ndi maso, basi. Ukanasamba ndi chigubu chonse cha mayi uja, dengulo likanakhalabe m'maso mwake. Nanga iye kwawo amadyera chiyani, miyala? Mlamba womwewo amayi ake amautsika mtengo pamsika mpaka wogulitsa atatuluka thukuta. Iwe wapsereza khungu lako kuti usangalatse munthu amene mawa adzapeza china choseka. Tsitsi likathothoka adzaseka dazi. Udzapaka chiyani pamenepo?

"Kuyambira lero chinthu chopanda dzina usaike pamutu pako. Cha dzina lomwe, ukapaka uzitsuka. Ndipo tikabwerera, ngati tibwerere awiri, tikayamba kuchipatala akaone zilondazi. Tseka maso."

Madzi atayera, anamupukuta, n'kumukhazika padzuwa kuti aume, n'kumupaka mafuta a kokonati. Tsitsi lotsalalo silikanatheka kuluka. Mastura anang'amba chidutswa cha kapulana yake, chitenje chatsopano chofewa, n'kumumanga nacho mopepuka, osanena kanthu za mizere imene mng'ono wa mkwatibwi amayenera kukhala nayo.

Ukwati unachitika Loweruka. Anthu anadya mpunga ndi nsomba, anavina, anayamikira mlamba wa Che Umaru kuti unawambidwa bwino. Anisa ankaperekera madzi osamba m'manja. Atafika pa bambo ake anagwada, iwo anasamba, n'kuthokoza monga amathokozera mwana wa mnansi. Za sing'anga sanatchulenso. Za sukulu sanatchulenso.

Lamlungu m'mawa Che Zakiya analongedza katundu wawo kuti akadikire shapa kumsewu. Chikwama cha Anisa chinali pakhonde, chomanga, koma palibe amene analimba mtima kuchinyamula kapena kuchibwezera m'nyumba. Anisa anakhala pambali pake.

Che Umaru anatulutsa njinga. Anapopa matayala, n'kumangirira dengu kumbuyo ndi mphira. Kenaka anayamba kuikamo nsomba, akusankha milamba ikuluikulu yokhayokha, ing'onoing'ono n'kumaibwezera pathandala. Atadzaza anaphimba ndi chiguduli, n'kukankha njinga mpaka pamene panakhala mwana wawo.

"Nyamula chikwama, ukwere shapa ndi azakhali ako," anatero. "Mawa nthawi yopuma undidikire pageti. Ndibwera ndi denguli, ndipo ndikalowa nalo m'kalasi mwanu."

Anisa anatsekula pakamwa kuti afunse. Bambo ake anali atakwera kale, akupalasa kulowera njira ya ku Insaca.